Chick Webb ndi ng'oma zimene zimbale sizinasunge

Tsiku loyamba limene ndinamvera nyimbo za Chick Webb ndinakhumudwa. Ndinali nditawerenga kuti ameneyu ndi munthu amene oimba ng'oma anzake ku America ankamuopa m'zaka za m'ma 1930, moti potsegula nyimbo pafoni ndinkayembekezera kuti makutu agontha. Zimene ndinamva zinali zina. Malipenga ankamveka bwino, mtsikana wa mawu okoma ankaimba, koma ng'omazo zinali kutali, ngati mtondo umene ukusinjidwa kutsidya kwa dambo. Ndinasintha nyimbo, ndinasinthanso, kenako ndinazimitsa n'kunena mumtima kuti olemba mabuku a jazz amakonda kukokomeza.

Pano ndinasintha maganizo. Chimene chinandisinthitsa ndi funso limene ife ophunzira mbiri timauzidwa kuti tizifunsa umboni uliwonse tisanaukhulupirire: unapangidwa ndi yani, ndi zipangizo zotani, ndipo ankafuna kuugulitsa kwa yani? Kalata ya bwanamkubwa wa atsamunda timaifunsa mafunso amenewa mosavuta. Chimbale sitichifunsa, chifukwa chimalankhula m'khutu mwathu ndipo timaona ngati tinalipo tokha pamene nyimboyo inkaimbidwa. Ine ndinagwa m'mbuna yomweyo.

Dzina lake lenileni linali William Henry Webb. Anabadwira mumzinda wa Baltimore, m'chigawo cha Maryland, ndipo mabuku ena amati munali mu 1905, ena amati mu 1909. Ali mwana anadwala TB ya m'mafupa a msana. Ambirife tikamva za TB timaganiza za chifuwa, koma tizilombo take timathanso kulowa m'fupa la msana n'kumalidya pang'onopang'ono mpaka msanawo kupindika. Webb anakula ali ndi linunda, wamfupi kwambiri, ndipo ululu sunamusiye mpaka tsiku lake lomaliza. Ali kamnyamata ankagulitsa nyuzipepala m'misewu, ndipo ndalama zimenezo n'zimene anagulira ng'oma zake zoyamba. Cha m'ma 1925 anasamukira ku New York, m'dera la Harlem, kumene anthu akuda ochokera kum'mwera kwa dzikolo ankakhamukira pothawa umphawi ndi malamulo a tsankho.

Duke Ellington ndiye anamuthandiza kupeza ntchito yoyamba yotsogolera kagulu ka oimba m'malo ena achisangalalo. Kuyambira pomwepo vuto lake linaonekera, ndipo linamutsatira zaka zambiri. Webb anali ndi khutu lodziwa kusankha oimba, koma analibe ndalama zowasungira. Johnny Hodges, amene pambuyo pake anatchuka ndi sakisofoni, anali m'gulu lake ndipo mu 1928 anapita kwa Ellington. Cootie Williams, woimba lipenga, anadutsanso kwa Webb asanakathere kwa Ellington yemweyo. Benny Carter anakhalako kanthawi mu 1931 n'kupita. Iye ankalera, ena n'kumakolola.

Ngakhale zimbale zake zoyamba sizinatuluke m'dzina lake. Mu 1929 kampani ya Brunswick inajambula gulu lake n'kulemba pachimbalepo kuti ndi The Jungle Band, dzina limene inkaikanso pa zimbale zina za Ellington. Ogulitsa ankaona kuti nyimbo za anthu akuda zimayenda malonda zikamamveka ngati zochokera kunkhalango, ngakhale oimbawo anali anyamata a m'tauni ovala masuti. Mu Disembala 1932 gulu la Webb linaimbira Louis Armstrong pojambula nyimbo ku kampani ya Victor, ndipo dzina lalikulu pazimbalezo linali la Armstrong.

Kumene Webb anali mwini bwalo ndi ku Savoy Ballroom. Holo yovinirayi inatsegulidwa mu Malichi 1926 pamsewu wa Lenox Avenue, ndipo inatenga mdadada wonse kuchokera pa 140th Street kufika pa 141st Street. Mwini wake anali mzungu, Moe Gale, koma woyendetsa ntchito za tsiku ndi tsiku anali munthu wakuda, Charles Buchanan. Kusiyana kwake ndi malo ngati Cotton Club kunali kwakukulu. Ku Cotton Club anthu akuda ankaimba ndi kuvina pansanja, azungu n'kumaonerera ali patebulo. Ku Savoy wakuda ndi mzungu ankalipira pakhomo limodzi n'kuvina pabwalo limodzi. Munali nsanja ziwiri zoyandikana, kuti gulu lina likamapuma linzake lizilandira pomwepo, nyimbo zisaduke. Kuyambira mu 1931 gulu la Webb ndilo linkakhalitsa m'holoyi, ngakhale kuti nthawi zina linkapita kukaimba kumizinda ina.

Anthu a ku Savoy sankabwera kudzamvetsera atakhala pansi. Ankabwera kudzavina gule wa Lindy Hop, amene anakulira m'holo yomweyi, ndipo ena mwa iwo anali akatswiri oti gulu likangofooka pang'ono ankadziwa nthawi yomweyo. Ntchito ya Webb inali kuwanyamula anthu amenewa usiku wonse. Ankakhala pamalo okwera pakati pa gulu lake, kumbuyo kwa ng'oma za kampani ya Gretsch. Ng'oma yaikulu, yoponda ndi phazi ija, inali ya mainchesi 28, moti munthu wamfupiyo ankangotsala pang'ono kubisika, ndipo zopondera zake anachita kumukonzera mwapadera kuti mapazi azifika. Pamwamba pake panali mbale zachitsulo, belu la ng'ombe ndi timatabwa tamphako tolira mosiyanasiyana. Sankatha kuwerenga manotsi a nyimbo. Nyimbo iliyonse ankaisunga m'mutu, mbali ya malipenga, ya masakisofoni, ndi pamene aliyense alowere, ndipo gululo ankalitsogolera ndi ng'oma zomwezo. Kutsogolo kwa nsanja kunkaima munthu wina, Bardu Ali, wogwedeza kandodo ndi kulankhula ndi anthu, koma oimba ankamvera wa kumbuyo uja.

Amene anaonerapo gule wamkulu akudziwa kuti woimba mbalule maso ake amakhala pa mapazi a wovina. Wovina akadumpha ng'oma imamulandira, akagwedeza phewa ng'oma imayankha, ndipo simungathe kunena kuti akutsogolera ndani. Mutajambula mawu a mbalule yokha, wovina palibe, mungamve munthu akumenya chikopa mosadziwika mutu wake. Sindikunena kuti Webb ankaimba ngati kwathu kuno, koma chithunzi chimenechi ndicho chinandithandiza kumvetsa zimene ovina a ku Savoy ankasimba atakalamba. Frankie Manning, mmodzi mwa akatswiri a Lindy Hop, ankakumbukira mpikisano wa cha m'ma 1935 pamene iye ndi mnzake wovina naye, Frieda Washington, anachita koyamba sitepe yotembenuza mkazi pamsana n'kumuponya m'malere. Gulu limene linkaimba linali la Webb, ndipo Manning ankati ng'oma zinkagwira sitepe iliyonse imene iye ankaponda. Luso limenelo linkafunika anthu awiri, woimba ndi wovina, ndipo m'situdiyo munkalowa mmodzi yekha.

Situdiyo ya nthawi imeneyo inalinso ndi malire ake. Chimbale chinkazungulira maulendo 78 pa mphindi, ndipo mbali imodzi inkatenga nyimbo ya mphindi zitatu kapena kuposerapo pang'ono. Nyimbo imene m'holo inkatha kutalika malinga ndi mmene ovina atenthera inkadulidwa kuti ikwane. Mawu ankalembedwa mwachindunji ndi singano pa phula lofewa, popanda kukonza pambuyo pake. Ng'oma yaikulu ikagunda mwamphamvu, singanoyo inkatha kudumpha n'kuwononga ntchito yonse. Choncho akatswiri ojambula ankaika woimba ng'oma kutali ndi maikolofoni, kapena kumupempha kuti aziimba mofatsa. Lipenga ndi mawu a munthu zinkalowa bwino m'makina amenewa, ng'oma ayi. Chimene ine ndinamva pafoni tsiku lija chinali Webb amene wauzidwa kuti asasokoneze singano.

Izi zinkachitikira oimba ng'oma onse, akuda ndi azungu omwe. Kusiyana kunabwera pa zimene zinkachitika kunja kwa situdiyo, ndipo apa n'pamene dzina la Benny Goodman limalowera.

M'gulu la Webb munali woimba sakisofoni wofatsa, Edgar Sampson, amene ankapekanso nyimbo ndi kuzisanja kuti chida chilichonse chidziwe mbali yake. Iye ndiye anapeka "Stompin' at the Savoy" ndi "Don't Be That Way", ndipo Webb anazijambula zonse ziwiri mu 1934. Chakumapeto kwa chaka chomwecho Goodman, mzungu woimba clarinet, anapeza malo pa pulogalamu ya wailesi ya NBC yotchedwa Let's Dance, imene inkamveka m'dziko lonse ndipo inkalipiridwa ndi kampani yopanga mabisiketi. Mu Ogasiti 1935 achinyamata anamulandira mwamphamvu ku Palomar Ballroom mumzinda wa Los Angeles, ndipo posakhalitsa nyuzipepala zinayamba kumutcha mfumu ya swing. Mu 1936 anajambula "Stompin' at the Savoy", ndipo anthu ambiri ku America anaidziwira kwa iye nyimbo yotamanda holo imene Webb ankaimbamo.

N'kosavuta kulemba nkhaniyi ngati ya wakuba ndi woberedwa, ndipo poyamba ndinkafuna kuilemba choncho. Koma Goodman nyimbo ankachita kugula, kwa Sampson komanso kwa Fletcher Henderson, ndipo analemba ntchito oimba akuda, Teddy Wilson ndi Lionel Hampton, n'kumaonekera nawo pansanja pa nthawi imene zimenezo zikanatha kumutsekera zitseko. Komanso mukayang'ana mayina a olemba "Stompin' at the Savoy" mupeza Sampson, Andy Razaf amene analemba mawu ake, Goodman, ndiponso Webb. Atsogoleri a magulu ankaika mayina awo pa nyimbo za anyamata awo kuti azilandirako ndalama, ndipo Webb nayenso sanali mngelo pa nkhani imeneyi. Chimene chinali chokhota ndi msika wonsewo. Makampani olipira mapulogalamu a wailesi ankafuna nkhope ya mzungu, mahotela akuluakulu ankafuna magulu a azungu, ndipo kumeneko n'kumene kunali ndalama. Gulu la akuda likapita kum'mwera linkaimba m'tauni imene silikanaloledwa kugona m'hotela yake.

Pa 11 Meyi 1937 magulu awiriwa anakumana ku Savoy. Mipikisano yotere inali njira imene eni holo ankakokera anthu: gulu lina pansanja iyi, lina pa inayo, kuimba mosinthana, ovina n'kuweruza. Nyuzipepala za nthawiyo zinati anthu oposa 4,000 analowa ndipo ena pafupifupi 5,000 anabwezedwa pakhomo, apolisi akulimbana ndi chikhamu mumsewu. Popeza magulu onsewa anali ndi nyimbo za Sampson, anthu ankatha kumva nyimbo imodzi kawiri n'kuyerekeza. Olemba a m'magazini a nyimbo amene analipo anagwirizana kuti Webb ndiye anapambana, ndipo Gene Krupa, woimba ng'oma wa Goodman, anavomereza yekha kuti anagonja. Krupa ankamulemekeza Webb ngati mphunzitsi wake. Webb sankapambana nthawi zonse ayi, pakuti chaka chomwecho anagonja kwa Ellington m'holo yomweyo. Koma usiku wa Goodman ndi umene umasimbidwa kwambiri, ndipo palibe chimbale chake. Tili ndi zimene anthu analemba ndi zimene ankakumbukira basi.

Tsiku limene limandiwawa kwambiri ndi la 16 Januwale 1938, chifukwa usiku umodzi womwewo kunachitika zinthu ziwiri mumzinda umodzi. Madzulo Goodman anaimba ku Carnegie Hall, holo imene inkadziwika ndi nyimbo zachizungu zakale, ndipo nyimbo yotsegulira inali "Don't Be That Way" ya Sampson. Count Basie ndi ena mwa anyamata ake, kuphatikizapo Lester Young, anaitanidwa kuti aimbeko pang'ono. Atamaliza anathamangira ku Harlem, kumene gulu lonse la Basie linali ndi mpikisano ndi Webb ku Savoy. Taganizirani amene anali pansanja ziwirizo: Jo Jones pa ng'oma za Basie ndi Webb pa zake, Billie Holiday kuimbira Basie ndi Ella Fitzgerald kuimbira Webb. Mavoti a m'holo anapita kwa Webb, koma oimba ndi olemba ena anati Basie ndiye anaposa, ndipo mkanganowo sunathe.

Konsati ya ku Carnegie Hall inajambulidwa. Zojambulazo zinakhala zaka zili m'kabati, ndipo mu 1950 kampani ya Columbia inazitulutsa pa zimbale zazitali, zimene zinagulidwa zoposa 1 miliyoni. Lero aliyense angathe kumva Krupa akugunda ng'oma mu "Sing, Sing, Sing" kwa mphindi zoposa 10, anthu akukuwa, popanda womuuza kuti achepetse. Mpikisano wa ku Savoy sunajambulidwe. Wophunzira ngati ine akafuna kudziwa mmene swing inkamvekera pamaso pa anthu usiku umenewo, amamva mbali imodzi yokha ya mzindawo, ndipo akapanda kusamala amaganiza kuti mbali imeneyo ndiyo inali yonse. Pa mafilimu nkhani ndi yomweyo. Krupa anaonekera mu Hollywood Hotel mu 1937, ndipo mu 1959 kunatuluka filimu yonse ya moyo wake. Gulu la Webb lili m'kafilimu kakafupi ka mu 1929 kotchedwa After Seben, momwe kamera ili pa ovina ndi pa mzungu wodzipaka nkhope kuti aoneke wakuda, ndipo Webb mwiniwake saoneka bwino.

Pali mlandu wina umene okonda jazz amamuimba Webb, ndipo umakhudza Ella Fitzgerald. Mtsikanayu anabadwa mu 1917, mayi ake anamwalira mu 1932, ndipo anakhala nthawi ina alibe pokhala penipeni. Mu Novembala 1934 anapambana mpikisano wa oimba ongoyamba kumene ku Apollo Theater. Atamubweretsa kwa Webb chaka chotsatira, Webb anakayikira chifukwa cha mmene mtsikanayo ankaonekera ndi zimene anavala, ndipo anavomera atamuyesa kaye pamaso pa ovina. Mu Juni 1935 anajambula naye nyimbo zoyamba, imodzi mwa izo "Love and Kisses". Kuchokera pamenepo zimbale zambiri za gululi zinayamba kukhala za Ella, ndipo zambiri mwa nyimbozo zinali zopepuka, zachikondi kapena zoseketsa. Olemba ena a nthawiyo anadandaula kuti gulu lamphamvu chotero lasanduka operekeza woimba mmodzi. Dandaulo limeneli mumalipezabe m'mabuku.

Ndikamvetsera zimbale za 1938 ndi 1939 motsatizana ndimamvetsa chimene ankadandaula. Nyimbo zina n'zosakumbukika ndithu, ndipo umamva kuti oimba malipenga akungodikira kuti ntchito ithe. Koma sindigwirizana ndi chiweruzo chawo. Kuyambira mu 1934 Webb ankajambula ku Decca, kampani yatsopano imene inkagulitsa chimbale pa masenti 35 pamene makampani akuluakulu ankagulitsa pa masenti 75. Phindu la Decca linkadalira kugulitsa zambiri, makamaka kwa eni makina a jukebox, amene ankaimba chimbale munthu akaponyamo kandalama, ndipo zimene zinkayenda pamenepo ndi nyimbo zokhala ndi mawu oti munthu n'kumaimba akupita kwawo. Webb anali ndi anthu oposa 12 oti awalipire sabata iliyonse, dziko lili pa mavuto aakulu a zachuma. Anali ataona kale oimba ake abwino akutengedwa mmodzimmodzi ndi amene anali ndi ndalama. Ankadziwanso mmene thupi lake linalili. Munthu wotere atapeza mtsikana amene angatsegule zitseko zimene zinali zotseka kwa zaka 10, ine sindikuona chifukwa chomuimbira mlandu poti analowa. Amene ankamudzudzulawo ambiri anali azungu okonda jazz, ndipo malipiro a gululo sanali pamutu pawo.

Ndiponso khutu lake silinaname pa Ella. Mtsikana amene ena ankati akuwononga gulu ndi yemwe anadzakhala mmodzi mwa oimba otchuka kwambiri a jazz, ndipo kuimba motsatira kugunda kwa ng'oma anakuphunzira usiku ndi usiku ali patsogolo pa Webb. Louis Jordan, amene analowa m'gululi mu 1936 n'kuchoka mu 1938, anakayambitsa Tympany Five, kagulu kamene nyimbo zake zinatsegulira njira rhythm and blues. Mario Bauzá, wa ku Cuba, amene ankaimba lipenga ndi kuyang'anira maimbidwe a gulu la Webb, anadzakhala mmodzi mwa oyambitsa jazz yosakaniza ndi ng'oma za kwawo pamodzi ndi Machito.

Pa 2 Meyi 1938 gululi linajambula "A-Tisket, A-Tasket", kanyimbo ka masewera a ana kamene Ella ndi Van Alexander anakakonza kuti kakhale ka swing. Inafika pa nambala 1 m'dziko lonse ndipo ndiyo nyimbo imene inagulidwa kwambiri pa zonse za Webb. Tsiku lotsatira anajambula "Liza", nyimbo ya George Gershwin, yopanda woimba mawu. Decca inaika nyimbo ziwirizi pa chimbale chimodzi, ina kumaso ina kumbuyo. Pafoni zimenezi sizioneka, chifukwa nyimbo iliyonse imabwera payokha, ndipo ine ndinadziwa mochedwa kuti anthu amene ankagula kanyimbo ka ana kaja ankapita kunyumba ndi "Liza" m'manja.

"Liza" ndi pamene ndinamumva koyamba munthu amene mabuku ankanena uja. Nyimboyi imayamba ndi ng'oma zokha. Ndinavala zomvera m'makutu, ndinaibwereza kangapo, ndipo chimene chinandigwira ndi ukhondo wa manja ake. Kumenya kulikonse kumamveka pakokha ngakhale akuthamanga, palibe pamene mawu akuphatikana. Amayamba pang'ono, n'kuwonjezera, n'kusiya kampata kochepa kamene kamakupangitsa kudikira, kenako malipenga amalowa ngati wawatsegulira chitseko. Pakati pa nyimbo amapatsidwa timipata tating'ono, ndipo kalikonse amakadzaza mosiyana, kwina pa ng'oma yaing'ono, kwina pa belu, kwina pa mbale yachitsulo imene amaimenya n'kuigwira msanga kuti isapitirize kulira. Gulu likamafika kumapeto iye amakhala akulikankha kumbuyo, ndipo ngakhale makina a 1938 anachepetsa mawu a ng'oma yaikulu, umamva kuti pansi pakugwedezeka.

Mukamaliza imeneyo mumvere "Harlem Congo" ya mu 1937, imene imathamanga kwambiri ndipo chakumapeto Webb amatsala yekha kwa kanthawi. Mumverenso "Clap Hands! Here Comes Charley" ya chaka chomwecho. Kenako bwererani ku nyimbo zija ndinakhumudwa nazo, zimene ng'oma zili kutali, ndipo m'malo mosaka ng'omazo mumvetsere mmene gulu lonse likuyendera. "Don't Be That Way" ya Webb imathamanga kuposa ya Goodman, ndipo imakhala ngati yatsamira kutsogolo. Oimba oposa 12 sangayende pamodzi choncho popanda wina wowagwira. Apa ndiyenera kuvomereza kuti mwina ndikumva zimene ndinawerenga. Munthu ukauzidwa kuti m'chithunzi muli nkhope, umaiona. Koma pa "Liza" palibe chofunika kuuzidwa.

Nthawi imene ndalama zinayamba kubwera, thupi linali litatha. Mu 1938 ndi 1939 gululi linkayenda m'mizinda yambiri, m'mabwalo a zisudzo ndi m'mahotela amene kale sankalandira magulu a akuda, ndipo Webb nthawi zina ankakomoka akangotsika pansanja. Woimba ng'oma wina, Bill Beason, ankamulandira mphamvu zikamuthera. Mu Juni 1939 anamutengera ku chipatala cha Johns Hopkins kwawo ku Baltimore, anamuchita opaleshoni, ndipo anamwalira pa 16 Juni ali ndi zaka za m'ma 30. Mankhwala oyamba amphamvu ochiza TB, streptomycin, anatulukiridwa mu 1943. Maliro ake anasonkhanitsa anthu ochuluka m'misewu ya Baltimore, ndipo Ella anaimba pamwambowo.

Gululo linapitiriza pansi pa dzina la Ella Fitzgerald mpaka 1942. Mu 1947 ku Baltimore kunatsegulidwa malo ochitirako masewera a achinyamata otchedwa dzina la Webb. Savoy inatsekedwa mu 1958 n'kugwetsedwa kuti pamangidwe nyumba zogonamo. Mu 2002 Frankie Manning ndi Norma Miller, amene ankavina m'holoyo ali achinyamata, anakavundukula chikwangwani cha chikumbutso pamalopo, onse ali okalamba. Awiriwa alinso m'filimu ya mu 2012 yotchedwa The Savoy King, momwe akusimba za mausiku aja. Ndinaonerera zidutswa za zokambirana zawo, ndipo ndinaona kuti akafika pofotokoza mmene Webb ankaimbira mawu amawathera, n'kuyamba kuwomba m'manja ndi kugwedeza mapewa atakhala pampando.